Mgolo Wotsukidwa ndi Dothi

Pa Ntaja palibe amene sawadziwa Che Uladi a mgolo. Mukatsika minibasi n'kumva fungo la nyama ya mbuzi likukukokani mphuno kuchokera kuseri kwa magolosale, musavutike n'kufunsa, ndi iwowo. Ndi bambo wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo maso awo amakhala ofiira ngati amalira, koma ndi utsi chabe. Mukauyang'anitsitsa mgolo wawo muona kuti chivundikiro chake n'chomanga ndi waya mbali imodzi. Ambiri awafunsapo chifukwa chimene sapitira nacho kwa owotcherera, poti pa Ntaja alipo mbwee. Iwo amangoti waya akukwanira, n'kutembenuka kukasonkhezera moto.

Anayamba ndi kabaza ali mnyamata, kupalasa anthu ndi matumba awo mpaka ku Nselema. Anakwatira, nabereka mwana mmodzi wamkazi, Shamim. Mwanayo asanayambe n'komwe sukulu mayi ake anamwalira, ndipo Che Uladi anasowa pogwira. Kuchikazi kunali agogo okhaokha otha mphamvu. Anthu onse ankathamangira ku Joni masiku amenewo, iwonso anaganiza zopita, koma mwana akanamusiya ndi yani? Anamunyamula ulendo wa ku Utale, kwa mlongo wawo Sofia.

Nkhani ya Sofia inali yovuta pachibale. Anakwatiwa ndi a Chester, Mkatolika wowotcherera zitsulo pa Nkaya, ndipo nayenso analowa tchalitchi. Abale ambiri anamutaya ngati wafa. Che Uladi okha ndi amene sanasiye kumuyendera. Tsiku lomusiyira mwana anangopempha chinthu chimodzi, chakuti Shamim asadye za haramu, zoletsedwa m'Chisilamu. Sofia anagula mphika wa mwanayo payekha, ndipo a Chester, munthu wokonda nkhumba kuposa nyama ina iliyonse, anasiyiratu kubwera nayo pakhomo zaka zonse zimene Shamim anakhala kumeneko. Akaifuna ankakadyera pa Nkaya, n'kusamba m'manja asanalowe m'nyumba. Mwana anakula akumutchula Sofia kuti amayi.

Ku Joni Che Uladi sanapeze chuma, tisanamizane. Anzawo anabwerako ndi magalimoto ndi malata, iwo anabwera ndi jekete lachikopa ndi nzeru imodzi m'mutu. Ankagwira ntchito yotsuka mu butchala, ndipo kuseri kwa butchalayo anaona anthu akuwamba nyama mu mgolo, moto uli potalikira, utsi wokha ndi umene ukugwira ntchito. Nyamayo inkafewa mpaka kusiyana yokha ndi fupa. Atabwerera kumudzi sanafikire kwawo, anafikira kwa alamu awo pa Nkaya n'kuwajambulira chinthucho pansi ndi kamtengo.

Koma anthu awiriwa anakangana pomanga mgolo umenewu! A Chester anapeza wa dizilo wotsika mtengo, Che Uladi anaukana kuti safuna kupha anthu. Anafufuza mpaka anapeza umene munali mafuta ophikira. Anaugoneka chammbali pa miyendo ya zitsulo za ngolo yakutha, a Chester n'kudula chivundikiro m'mimba mwake n'kuchilumikiza ndi mahinje a chitseko. Mbali ina anawotchererako kamgolo kakang'ono koikamo moto, mbali inayo chumuni ya paipi ya mjigo, m'kati n'kuyalamo sefa yolimba. A Chester ankaseka kuti nyama yosaona lawi idzapsa tsiku la chiweruzo. Atalawa mwendo wa mbuzi woyamba kutuluka mmenemo anangopempha wina.

Che Uladi anautengera mgolowo ku Ntaja pamodzi ndi Shamim, amene tsopano anali namwali. Malonda anagwira. Nkhuni ankagwiritsa za tsanya zouma, nthawi zina n'kuponyamo kanthambi ka mango kuti fungo likome. Mbuzi ankazinga okha, ndipo anthu ankagula osafunsa ngati ili halali, chifukwa dzina la Che Uladi linali yankho lokwanira. Lamulo lawo linali limodzi: m'kati mwa mgolo simulowa madzi kapena sopo. Mafuta ndi utsi wa zaka zonsezo zinapanga chikhungwa chakuda chonyezimira, ndipo iwo ankati kukoma konse kumachokera mmenemo.

Kenako Ayub anamufuna Shamim. Ayub anali mwana wa Che Abdulrahim, mwini sitolo ya nsalu, munthu wa mzere woyamba mu mzikiti, amene mawu awo sabwezedwa pa Ntaja. Mnyamatayo anali bwinobwino ndipo Shamim ankamukonda, izi zinali zoonekeratu. Vuto linali abale ake. Amayi ake ndi azakhali ake anayamba kunong'ona kuti mtsikana wokulira m'nyumba ya Akhristu ndani akudziwa zimene ankadya. Ankhoswe anayenda mpaka nsapato kutha. Pomaliza Che Abdulrahim anadula nkhani. Anati Ntaja yense amadya za m'manja mwa Che Uladi osafunsa, ndiye ngati Che Uladi akunena kuti mwana wawo anasungidwa bwino ku Utale, iwo akhulupirira. Ukwati wonse unaima pa mawu amenewo. Anawonjezera kuti mbuzi za phwando apereka iwo, koma ziwambidwe mu mgolo wa asewere awo, alendo ochokera kutali akasimbe kwawo.

Tsiku la nikah, lomangira ukwati m'Chisilamu, litayandikira, a Chester anaimba foni kubwereka mgolo. Mphwawo ankakwatira ku Utale ndipo ankafuna kuonetsa anthu chinthu chimene anapanga ndi manja awo. Analonjeza kuti mulowa mbuzi ndi nkhuku basi. Che Uladi mtima sunafune, koma mungamukanize bwanji munthu amene anakudulirani chitsulocho, amenenso anakulererani mwana? Mgolo unakwera lole.

Unabwerako kutatsala tsiku limodzi, dzuwa lili pamutu. Pakhomo panali kale piringupiringu, amayi akusankha mpunga, ena akusenda anyezi. A Chester ndi Sofia anabwera nawo pa lole lomwelo. Sofia anatsika ndi dengu la mpunga ndi zitenje zimene anagulira mwana wake, ndipo Shamim anathamanga kukamukumbatira, kuiwala kuti mkwatibwi sathamanga. Che Uladi anapereka moni mwachidule n'kupita pa mgolo wawo. Anatukula chivundikiro. M'kati munali mbee. Chikhungwa chija chinali chitapalidwa, chitsulo chikuoneka, ndipo munkanunkhira sopo.

Poyamba unali mkwiyo chabe, kuti ndani anawatuma kutsuka. Koma mkwiyowo sunakhalitse, m'malo mwake munalowa mantha. A Chester ankalidziwa lamulo lija kuposa wina aliyense. Munthu wolidziwa sangatsuke chonchi popanda chimene akubisa. Che Uladi anachotsa sefa n'kuyendetsa chala m'ngodya, pamene chitsulo chinapindika. Chala chinakola kanthu kolimba. Kanali kachikopa kokhuthala, kopserera, kokhala ndi mafuta oyera kunsi kwake. Mbuzi ilibe chikopa chotero. Ku butchala ya ku Joni anaziona zimenezi mokwanira, sanafunikire kufunsa munthu.

Anawakodola alamu awo, nathandizana kuukankhira mgolowo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi. Kumeneko anangotambasula dzanja. A Chester anayang'ana kachikopako n'kukhala pansi pa njerwa. Anafotokoza kuti iwo anachokapo kukakonza jenereta, ndipo pobwera anapeza amalume a mkwatibwi atayalamo nkhumba, akuti mgolo sungakhale wopanda ntchito nyama ilipo. Anakalipa, koma zinali zitachitika. M'mawa mwake anayatsamo chimoto chachikulu, kenako anakwecha ndi sopo tsiku lonse mpaka zala kutuluka magazi. Iwo sanamuuze Sofia.

“Moto unali waukulu, alamu,” anatero. “Ine ndinati palibe chimene chatsala.”

Ndiye mwaona? Munthuyu sanachite mwankhanza. Iye anaganiza kuti chimene moto ndi sopo zadutsapo chayera, ndipo kwa iye zinalidi choncho. Akanamuuza Sofia, amene anapitako ku madarasa ali mwana, bwenzi atamuuza kuti najisi ya nkhumba, kudetsedwa kwake m'Chisilamu, sichoka motero. Che Uladi anafuna kuwamenya, anafunanso kulira, koma nthawi ya zonsezo panalibe.

Anaima n'kuganiza. Mgolo wina wotere pa Ntaja panalibe. Kukana kuugwiritsa ntchito kukanafuna chifukwa, ndipo Che Abdulrahim anali atauza kale alendo awo. Kuuyatsa mmene unalilimu kunali kudyetsa najisi ashehe, alendo, ndi mwana wawo yemwe pa tsiku lake, ndipo zimenezo manja awo sakanachita ngakhale wina asadziwe. Njira inatsala imodzi, imene anaphunzira ali mwana: kutsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi madzi osakaniza dothi. Koma apa ndi pamene panali msampha. Msilamu aliyense, ngakhale mwana, akaona munthu akutsuka chiwiya ndi dothi amadziwa kuti chakhudzidwa ndi galu kapena nkhumba. Kuyeretsa mgolowo kunali kulengeza.

A Chester anati adikire kude. Che Uladi anapukusa mutu. Kukada pakhomo padzadzaza alendo ogona panja, komanso mgolo unafunika uume, uotchedwe, upakidwe mafuta, nyama isanalowe m'mamawa. Inali nthawi yomweyo kapena osachita n'komwe. A Chester ananyamula zidebe kuthamangira ku mjigo, Che Uladi n'kukumba dothi lopanda zonyansa patsinde pa nthochi. Amayi akafunsa kuti madzi onsewo ndi a chiyani, a Chester ankangoti ndi a mgolo, osaima.

Anathira matopewo m'kati, kupaka m'ngodya monse, pa sefa, pa chivundikiro, mpaka m'chumuni. Phokoso lililonse la mapazi linkawadumphitsa. Kutsogolo amayi anayamba kuimba, ndipo mawu a Shamim ankamveka akuseka ndi Sofia. Akanangotsiriza kutsukuluza matopewo, wobwera aliyense akanangoona munthu akutsuka ndi madzi wamba. Anali atangonyamula chidebe pamene anamva kulira kwa mbuzi pangodya ya nyumba.

Anali Che Abdulrahim, mkanjo woyera, chingwe cha mbuzi m'manja. Amayi anawalozera kuti asewere awo ali kuseri. Che Abdulrahim anapereka salamu, Che Uladi anayankha. Matope ofiira anali akutsika m'kamwa mwa mgolo n'kuyenderera mpaka pafupi ndi nsapato zawo. Anayang'ana matopewo, anayang'ana manja a Che Uladi, anayang'ananso a Chester amene anaima ndi chidebe ngati mtengo. Anamangirira mbuzi pa nthochi mosafulumira.

“Galu?” anafunsa.

Ha, khomo linatseguka lokha! Agalu a pa Ntaja amanyambita chilichonse cha mafuta, ndipo palibe akanadabwa. Kungoti eya, basi, Che Abdulrahim akanawayamikira kuti ndi munthu wosamala, mawa nikah n'kuchitika. A Chester anawayang'ana ndi maso opempha. Liwulo linafika pakamwa penipeni. Koma Che Uladi anakumbukira kuti ku Utale anthu odzaza bwalo anaidya nkhumbayo akuuona mgolo, ndipo woyendetsa lole anali wa pa Liwonde, wodziwana ndi theka la Ntaja. Nkhani ikadzafika mwezi wamawa, sidzakhalanso ya mgolo. Adzati bambo amene ananama za galu ananamanso za mphika wa ku Utale, ndipo Shamim adzabwezedwa ndi chikwama chake. Komanso munthu waima apayu anavomera ukwati chifukwa cha mawu awo okha. Anachita mantha kwambiri, koma anayankha.

“Iyayi, asewere. Nkhumba.”

Anafotokoza zonse mmene zinayendera, osawonjezera, osachotsa. A Chester anayesa kulowererapo kuti mlandu ndi wawo, koma Che Abdulrahim sanawayang'ane n'komwe. Anangouza Che Uladi kuti apitirize, iwo aonerera. Anaima pomwepo manja kumbuyo, madzi akuthiridwa, kukhuthulidwa, kuthiridwanso. Che Uladi thukuta linkalowa m'maso koma sanayerekeze kulipukuta. M'mutu mwawo munkangozungulira funso limodzi, lakuti munthuyu akamachoka amasula mbuzi zake kapena azisiya.

Madzi omaliza atakhuthulidwa, Che Abdulrahim anasuzumira mu mgolo n'kugwedeza mutu kuti wayera. Anati mbuzi azisiya, nikah ichitika, ndipo nkhaniyi kunyumba kwawo sakaitchula, chifukwa akazi awo akaimva palibe angawagwire. Koma munthuyo anali asanamalize.

“A ku Utalewa mawa ndisawaone pano. Asakhudze mphika, asakhudze mkwatibwi. Ndipo pakhomo pa mwana wanga asadzapondepo.”

Che Uladi anatsegula pakamwa. Anafuna kunena za mphika uja, za zaka zimene a Chester ankadyera nkhumba kumsika chifukwa cha mwana wa eni, zakuti Sofia sankadziwa kanthu. Zonsezo zinali zoona ndipo zinali pa lilime. Koma anaona dzanja la Che Abdulrahim lili pafupi ndi chingwe cha mbuzi, ndipo anatseka pakamwa. Anavomera ndi mutu. Manyazi amene anamva nthawi imeneyo sanawachokebe mpaka lero.

Kumuuza Sofia ndiye kunali kovuta kuposa kutsuka. Anamuitanira kuseri komweko, manja ake ali ndi utoto wa hina umene ankapaka Shamim. Anamvetsera osadula mawu. Anayang'ana mwamuna wake kanthawi, kenako matope aja, ndipo anamvetsa zonse, poti naye anakulira m'nyumba imodzi ndi Che Uladi. Sanakalipe. Anangofunsa ngati ukwati wa mwana uli bwinobwino, ndipo atamva kuti uli bwino anapukuta manja pa chitenje.

“Musamuuze lero, achimwene. Alowe kaye m'nyumba mwake.”

Analowa m'nyumba n'kumuuza Shamim kuti ku Utale kwagwa zovuta, ayenera kubwerera. Shamim analira, kumugwira mkono, kufunsa kuti zovuta zanji zosadikira tsiku limodzi, nanga ndani amuveke mawa. Sofia anamusiyira zitenje zija pamphasa n'kumulangiza zoti asalire, maso angatupe. A Chester, asananyamuke, anapita pa mgolo n'kugwedeza chivundikiro monga mwa chizolowezi cha ntchito yawo. Anati hinje ya kumanja yatsala pang'ono kuthyoka, lole inaigwedeza kwambiri, adzabwere nayo pa Nkaya adzaiwotcherere. Che Uladi anawaperekeza ndi maso okha mpaka pamsewu, pamene anakwera makabaza awiri.

Tsiku la nikah nyama inatuluka bwino. Che Uladi okha ndi amene anadziwa kuti kukoma kwakale kuja mulibe, alendo ankangonyambita zala n'kufunsa kuti mgolo wotere anaupanga ndani. Iwo ankayankha kuti munthu wina wa ku Nkaya. Che Abdulrahim anadya pamaso pa onse, n'kutenganso kachiwiri. Shamim anakhala pakati pa amayi a kuchimuna atavala chitenje cha Sofia, ndipo galimoto iliyonse ikaima pamsewu ankatukula mutu. Che Uladi sanalawe kanthu tsiku limenelo, ankati utsi wawakhutitsa.

Ukwati ulipo mpaka pano, ndipo ndi wabwino, tisauchitire kaduka. Nkhani ya nkhumba inafikadi pa Ntaja patapita milungu, monga ankaopera, koma Che Abdulrahim anangoti anaona ndi maso awo mgolo ukutsukidwa, ndipo inazima. Shamim anamva zonse nthawi imeneyo. Sanawakalipire bambo ake, koma anakhala nthawi yaitali osadutsa pa malonda awo. Pano ali ndi mwana wamwamuna amene wayamba kuyenda. Sofia anamuona pa foni pokha, sanamunyamulepo.

Che Uladi akhala akunena kuti apita ku Utale mvula ikatha, kenako amati akakolola, kenako Ramadani ikadutsa. Nambala ya a Chester ili mu foni, saimba, ndipo a Chester nawo saimba. Chikhungwa chakuda chija chinabwereramo mu mgolo, makasitomala akuti nyama ikukoma ngati kale. Hinje ija inathyoka chaka chomwecho. Mnyamata wina wowotcherera pafupi ndi msika anati aikonza ulere, iwo anakana. Anatola waya n'kumanga, akuti n'zongoyembekezera, mwini wake wa ntchitoyo adzakonza. Wayayo akadyeka ndi moto amasintha, n'kumanganso wina.